Dividendi ya mayi anga idasiya kubwera, broker sakuyankha: dandaulo lotere limapita kuti?

Nachisale_Zomba
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mayi anga adagula masheya kalekale ku kampani ina ya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, nthawi imene ankapereka satifiketi yapepala ija. Cheke cha dividendi, phindu limene kampani imagawira eni masheya, chinkabwera pa positi, kenako chidangosiya. Anzawo amene adagula nawo limodzi akulandirabe. Kwa broker amene adawagulira ndayesa, amangoti tikuyimbirani koma sayimba, imelo sayankha. Mayiwo ndi okalamba ndipo ndalama imeneyi ndi yogulira mankhwala. Kodi m'dziko muno alipo amene amamva dandaulo la munthu wa masheya ochepa? Nanga amalilandira bwanji, pa foni, pa kalata, kapena mpaka upite wekha?

Kalulu265
Asisi, musadzivute ndi makalata. Kuno wa masheya ochepa alibe mawu. Pitani ku ofesi ya broker m'mawa, mukakhale pampando mpaka akuthandizeni.

Mphunzitsi_Dedza
A Nachisale, pepani ndi za mayiwo. Choyamba, mwina mukugogoda pa khomo losayenera. Broker ntchito yake ndi kukugulirani ndi kukugulitsirani masheya. Kaundula wa eni masheya, ndi keyala zawo ndi maakaunti awo a ku banki, amasunga ndi ofesi ina imene amati transfer secretary, ndipo dividendi imadzera kumeneko. Kampani iliyonse ya pa msika ili ndi transfer secretary wake, dzina lake limalembedwa mu lipoti la pachaka la kampaniyo komanso pa zidziwitso za msonkhano waukulu wa eni masheya. Yambani ndi amenewo, ndipo muwalembere, musangoyimba.

Chachiwiri, inde alipo woyang'anira. Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa Reserve Bank ndiyenso Registrar of Financial Institutions. Mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, ma SACCO, ma broker, oyendetsa ndalama za anthu, ngakhale msika wa masheya weniweniwo, onse amatenga chiphaso kwa iyeyo. Pansi pake pali gawo loona zoteteza makasitomala. Ndondomeko yake ndi yakuti mumayamba mwadandaula kwa amene akulakwirani. Akapanda kuyankha, kapena yankho likapanda kukukhutitsani, m'pamene mumapita nalo kwa Registrar ndi umboni wakuti mudayesa kale. Reserve Bank ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Kalulu265
Aphunzitsi, Reserve Bank yomwe ikulimbana ndi kusowa kwa madola ndi kukwera kwa mitengo ija, ikasiye zimenezo n'kumafufuza dividendi ya agogo a ku Zomba?

Mphunzitsi_Dedza
Oona za madola ndi ena, olandira madandaulo ndi ena. Nyumba ndi imodzi koma maofesi ndi osiyana. Sindikukulonjezani kuti amathamanga. Ndikunena kuti khomolo lilipo ndipo lamulo lidaliyika kuti anthu ngati a Nachisale azilowerapo.

Nachisale_Zomba
Zikomo aphunzitsi. Za transfer secretary ndikuzimva koyamba. Mayi ankalandirira makalata pa bokosi la sukulu imene ankaphunzitsa, ndiye atapuma pantchito adasamuka. Mwina machekewo akungobwerera.

MaiWaMaAkaunti
Ndi zimenezo ndithu, nkhani zambiri za dividendi yosowa zimathera pa keyala yakale kapena akaunti yotsekedwa. Mukapita mukatenge satifiketiyo, chiphaso cha unzika cha mayi ndi umboni wa akaunti yawo ya ku banki. Mukafunsenso zolowetsa masheyawo mu CSD, kaundula wa pa kompyuta uja, chifukwa masiku ano kugula ndi kugulitsa kumadzera mmenemo. Pa zimenezi broker amafunika, ndiye kusayankha kwakeko musakusiye. Limenelo ndi dandaulo palokha.

WakuLeeds
Ndilowepo ndi za kuno ku UK, chifukwa funso la asisi lakuti «amalilandira bwanji» ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera.

Kuno adagawa ntchito pawiri. Bungwe loyang'anira makampani azachuma ndi FCA. Ukawayimbira kapena kuwalembera amalandira uthengawo, koma amakuuziratu kuti iwo saweruza mlandu wa munthu mmodzi. Woweruza pakati pa iwe ndi kampani ndi Financial Ombudsman Service, yomwe idayamba ntchito mu 2001, ndipo wodandaula salipira kanthu. Kampani imapatsidwa masabata 8 kuti ikuyankhe. Ikakupatsa yankho lomaliza uli ndi miyezi 6 yopita nalo kwa ombudsman. Chimene ndimachikonda n'chakuti m'kalata yomalizayo kampani imakakamizidwa kukuuza kuti uli ndi ufulu wopita kumeneko. Munthu sasowa kofunsa ngati mmene asowera a Nachisale.

Koma musaganize kuti zonse zili bwino. Mu January 2019 idagwa kampani yotchedwa London Capital & Finance. Anthu pafupifupi 11,600 adayikamo mapaundi 237 miliyoni, ambiri anali achikulire amene adayika ndalama zawo zapenshoni. Boma lidapempha woweruza wopuma, Dame Elizabeth Gloster, kuti afufuze mmene FCA idayendetsera nkhaniyi, ndipo lipoti lake lidatuluka mu December 2020. Chimodzi mwa zimene adapeza chinali pa foni yolandirira mafunso yomweyo. Anthu ankayimba kunena kuti kampaniyi ikukayikitsa, ena ankatchula zachinyengo poyera, koma olandira foni sankakweza nkhanizo kwa oyang'anira kampaniyo. Ena ofunsa ankachita kulimbitsidwa mtima kuti kampaniyi ili m'kaundula wa FCA. Zinali zoona kuti inali m'kaundula, koma mabondi (mapepala a ngongole) amene inkagulitsawo sanali pansi pa chitetezo chimene anthu ankaganiza. Mlangizi wina wa zachuma adalemba kalata yochenjeza mu 2015, zaka zoposa zitatu kampaniyo isanagwe. Pomaliza boma lidabweza 80 peresenti ya zimene anthu adataya, osapitirira mapaundi 68,000 pa munthu.

Chikutumbwe
Mwaona? Ngakhale kwa azungu komwe kuli makompyuta ndi ndalama, dandaulo limalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ndiye ife tikavutikirenji?

WakuLeeds
Achimwene, si zimene ndikunena. Lipoti lija lidatheka chifukwa mafoniwo adajambulidwa ndipo makalata adalipo. Pakadapanda anthu amene adayimba, palibe akadatha kuloza kuti FCA idauzidwa koma sidachitepo kanthu.

Chikutumbwe
Koma ndalama zinali zitapita kale.

NyasaBoston
A Chikutumbwe ali ndi mfundo, tisaikane. Kuno ku America chitsanzo chimene aliyense amachidziwa ndi cha Bernie Madoff, amene ankatolera ndalama za anthu n'kumanama kuti akuzichitira malonda pa msika wa masheya. Katswiri wina wowerengera ndalama wa kuno ku Boston, Harry Markopolos, adapita ku SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya kuno, mu 2000 kukanena kuti phindu limene Madoff ankalengeza silingatheke. Adabwereranso, ndipo mu 2005 adapereka chikalata chachitali chofotokoza zizindikiro zonse. Madoff adamangidwa mu December 2008, ndipo sikuti SEC idamugwira, adaulula yekha kwa ana ake ndalama zitamuthera. Pa mapepala a makasitomala panali madola pafupifupi 65 biliyoni amene kunalibe. Wofufuza wa mkati mwa SEC adatulutsa lipoti mu 2009 losonyeza kuti kuyambira 1992 bungwelo lidalandira madandaulo omveka bwino asanu ndi limodzi, lidapitako kangapo kukafufuza, koma palibe amene adakafunsa kwa anthu apadera ngati malonda amene Madoff ankati akuchita ankachitikadi.

Chimodzi mwa zolakwika chinali chakuti uthenga unkafika m'maofesi osiyanasiyana, wina ku Boston, wina ku New York, wina ku Washington, popanda pamalo amodzi pouphatikiza. Zitachitika izi adakonza njira imodzi ya pa intaneti yolandirira malipoti a zachinyengo, kuti chilichonse chilowe m'kaundula mmodzi ndipo wofufuza athe kuona ngati dzina limodzi likutchulidwa ndi anthu osadziwana.

Ku SEC makomo alipo osiyana. Pali ofesi yothandiza ndi kuphunzitsa oyika ndalama, imene imalandira mafunso wamba ndi madandaulo onga a asisiwa. Ukadzaza fomu yawo, nthawi zambiri amatumiza dandaulo lako ku kampaniyo n'kuipempha kuti iyankhe molemba. Zambiri zimathera pomwepo, chifukwa kalata yochokera kwa woyang'anira siikhala pa tebulo ngati yako. Koma amanena poyera kuti iwo si loya wako ndipo sangakakamize kampani kukulipira. Ukafuna kubwezeredwa ndalama ndi broker umapita ku bwalo la FINRA, bungwe loyang'anira ma broker, kapena kukhoti. Khomo lina ndi la amene akudziwa zachinyengo. Kumeneko ukapereka nkhani sakuuza ngati akufufuza kapena ayi, kafukufuku wawo ndi wachinsinsi.

Kalulu265
Ndiye umangoponya nkhani yako osadziwa komwe yagwera?

NyasaBoston
Pa za chinyengo, inde. Zimapweteka, koma chifukwa chake n'chomveka. Akalengeza kuti tikufufuza wakutiwakuti, wolakwa awotcha mapepala, ndipo wosalakwa bizinesi yake ifa asanaweruzidwe.

MaiWaMaAkaunti
Ndiyankhe a Chikutumbwe bwinobwino, chifukwa maganizo amenewa ndi amene amatipweteketsa ambiri.

Dandaulo lopita kwa woyang'anira limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yanu: mukufuna dividendi yanu, ndalama zanu za masheya amene mudagulitsa, sitetimenti yanu. Imeneyi itha kutheka kapena kulephereka. Yachiwiri si yanu nokha. Woyang'anira sakhala mu ofesi ya broker tsiku ndi tsiku. Amaona malipoti amene kampaniyo yalemba yokha, ndipo amapita kukayendera mwa apo ndi apo. Kampani imene yayamba kudya ndalama za makasitomala silemba zimenezo mu lipoti. Chizindikiro choyamba chimaoneka kwa kasitomala: ndalama imene inkabwera msanga yayamba kuchedwa, akukuuza kuti tiyiyikenso kwa miyezi ina itatu pomwe iwe ukuifuna, foni sakuyankha. Aliyense payekha amaganiza kuti ndi tsoka lake. Anthu makumi awiri otere akalemba, woyang'anira ali ndi chifukwa chopitira kumeneko mwadzidzidzi. Akangodandaula pa WhatsApp ndi pa maliro, m'mabuku a Registrar kampaniyo ndi yoyera.

Nkhani za London ndi Boston zikusonyeza kuti kulandira dandaulo ndi kulimva ndi zinthu ziwiri, ndipo pamenepo tiyenera kuwafinya oyang'anira athu. Koma sitingawafunse chifukwa chimene sadamve ngati sitidawauze.

Chikutumbwe
Mayi, mwalankhula bwino. Koma ine ndidalembapo ku bungwe lina loyang'anira pa nkhani ya inshuwalansi ya galimoto. Ngakhale kalata yongoti talandira sindidaione.

MaiWaMaAkaunti
Zimenezo n'zolakwika ndipo sindingazikhalire kumbuyo. Kodi kope lodindidwa mudasunga?

Chikutumbwe
Ndidasunga.

MaiWaMaAkaunti
Lembaninso, mumate kopelo, mutchule tsiku limene adalandira loyambalo, ndipo mulembere mkulu wa gawolo. Ofesi ya boma ikangokhala chete osakuyankhani, imeneyo ndi nkhani imene Ofesi ya Ombudsman wathu imamva. Ombudsman wa kuno saweruza za iwe ndi kampani yabizinesi ngati wa ku UK uja, koma za kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi aboma ndi zake.

Joni_Boy
Poti mwatchula WhatsApp. Pali anyamata akuzungulira m'magulu kuti ikani K200,000 muzilandira K40,000 mwezi uliwonse, akuti ndi forex. Amenewa akathawa timakadandaula kwa ndani?

Mphunzitsi_Dedza
Apa m'pamene pali kusiyana kwa funso ndi dandaulo. Dandaulo limabwera ndalama zitapita, funso limabwera ndalama zili m'thumba. Reserve Bank imatulutsa mayina a mabungwe amene ali ndi chiphaso, ndipo imachenjeza m'nyuzipepala za magulu otolera ndalama mopanda chilolezo. Musanapereke, funsani ngati ali ndi chiphaso, ndipo chiphaso cha chiyani. Satifiketi yolembetsera kampani ku boma si chilolezo chosunga ndalama za anthu, koma akamberembere amaonetsa imeneyo. Safunsa adadya phula. Akathawa opanda chiphaso, nkhaniyo ndi ya apolisi oona za chinyengo cha ndalama, ndipo kubweza kumavuta kwambiri. Komabe kauzeni a Reserve Bank ngakhale simudaberedwe, chifukwa chenjezo lawo limachokera pa zimene anthu awauza.

Joni_Boy
Kuno ku Joni tidaziona ndi Mirror Trading International. Ankati ikani bitcoin, kompyuta yathu ikuchitirani malonda, muzipeza pafupifupi 10 peresenti pa mwezi. FSCA, woyang'anira wa kuno, adachenjeza mu August 2020 kuti kampaniyo ilibe chiphaso ndipo anthu achotse ndalama zawo. Anthu ambiri adakwiyira FSCA m'malo mothokoza, ankati boma lili ndi nsanje. Pofika December chaka chomwecho kampani idagwa, mwini wake Johann Steynberg adathawa, adakamugwira ku Brazil. Ndinkagwira ntchito ndi anthu amene adalowamo, ndipo palibe amene adafuna kukadandaula, chifukwa amene adawalowetsa anali achibale ndi anzawo a kutchalitchi.

Gogo_Ndirande
Chimenecho ndiye chimatimanga pakamwa kuno kwathu. Ukamunenera munthu amati ukufuna kumuchotsetsa ntchito. Mtsikana wa pa kauntala ndi mwana wa mnzako, ukalembe dzina lake m'kalata?

MaiWaMaAkaunti
Agogo, dandaulo limalembedwa pa kampani, osati pa mtsikanayo. Mungolemba kuti ndidafika tsiku lakuti, ndidauzidwa zakuti. Nthawi zambiri wa pa kauntala alibe ndi mphamvu zomwe, vuto lili pamwamba.

Gogo_Ndirande
Chabwino mwanawe. Koma ndifunsenso. Zonse mukunenazi ndi za imelo, fomu, intaneti, Chingerezi. Pamene Airtel ndi FDH Bank ankagulitsa masheya mu 2020, adalengeza paliponse, anthu wamba ambiri adagula koyamba. Pogula adatifikira m'chilankhulo chathu. Nanga podandaula bwanji? Mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene ali ndi masheya a K50,000 akwere basi kupita ku Mzuzu kapena ku Blantyre, thiransipoti yokha iposa dividendi yake. Ameneyo sadzadandaula, ndipo m'mabuku mwawo adzalemba kuti kulibe vuto.

Mphunzitsi_Dedza
Agogo anena zoona zokhazokha. Mukawerenga lipoti la pachaka la Registrar, madandaulo ochuluka amakhala a mabanki, inshuwalansi ndi penshoni. Wina atha kunena kuti ndiye kuti ku masheya zonse zili bwino. Ine ndimaona kuti eni masheya ang'onoang'ono sadziwa kolowera, monga taonera pano. Ndikadakonda kuti pa pepala lililonse limene broker kapena transfer secretary amapatsa kasitomala pazilembedwa, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti ukapanda kukhutira upite kwakuti. Komanso kuti munthu azitha kudandaula pakamwa, wa mu ofesi n'kulemba, n'kumuwerengera, iye n'kusayina kapena kudinda chala.

Kalulu265
Zimenezo ndikugwirizana nazo. Ndi uthenga wa pa foni wokuuza nambala ya dandaulo lako.

Wa_ku_Pune
Za nambalazo ku India adazichita. Woyang'anira msika wa masheya kuno, SEBI, ali ndi njira ya pa intaneti yotchedwa SCORES kuyambira 2011. Ukalemba dandaulo limapatsidwa nambala, limapita ku kampaniyo, ndipo umatha kuona pomwe lafika pa foni yako. Adaikonzanso mu 2024: kampani ili ndi masiku 21 kuti iyankhe, ikapanda kutero nkhaniyo imakwera yokha kupita kwa oyang'anira apamwamba, ndipo ukakana yankho umapempha kuti aliunikenso. Anthu amadandaulabe kuti makampani ena amangolemba yankho lachiphamaso kuti fayilo itsekedwe. Koma kungodziwa kuti pepala lako silidatayike, ndipo tsiku lomaliza likudziwika, mtima umakhala pansi.

Tembo_Chipata
Moni a ku Malawi. Kuno ku Zambia oyang'anira ndi atatu: Bank of Zambia ya mabanki, Pensions and Insurance Authority ya penshoni ndi inshuwalansi, ndi Securities and Exchange Commission ya masheya ndi msika wa Lusaka. Ubwino wake wa masheya ali ndi nyumba yakeyake, sapikisana ndi nkhani za ma ATM. Kuipa kwake munthu wamba amasokonezeka, amapita kolakwika n'kubwezedwa. Inu muli ndi khomo limodzi, musalipeputse.

Chikutumbwe
Khomo limodzi, koma yemweyo wopereka chiphaso ndiye wolandira dandaulo. Akavomereza kuti kampani yalakwa kwambiri, akuvomerezanso kuti iye sadayang'anire bwino. Ine ndikadakonda ombudsman wa zachuma woyima payekha.

WakuLeeds
Pamenepo ndili nanu, achimwene. Koma woyima payekhayo azigawana nkhani ndi woyang'anira. Kupanda kutero mmodzi adzakhala ndi madandaulo, wina ndi mphamvu zolanda chiphaso, osakumana.

Tembo_Chipata
Ndipo ndalama zoyendetsera ofesi yoteroyo zichokera kuti? Msika wanu uli ndi makampani osafika 20.

WakuLeeds
Wa kuno amalipiridwa ndi makampani azachuma omwewo, kudzera m'zopereka za pachaka ndi ndalama ya pa mlandu uliwonse. Sangakhale wa masheya okha, angaphatikize mabanki, inshuwalansi ndi ndalama za pa foni.

NyasaBoston
Pali chinanso chimene adachita kuno pambuyo pa Madoff. Lamulo la Dodd-Frank la 2010 lidakhazikitsa mphotho kwa oulula zachinyengo. Ukapereka nkhani yatsopano imene yathandiza SEC kulipiritsa chindapusa choposa madola 1 miliyoni, umalandira pakati pa 10 ndi 30 peresenti ya ndalama zimene zatoleredwa. Utha kuulula osatchula dzina ngati wadzera kwa loya. Mu 2023 munthu mmodzi adalandira madola pafupifupi 279 miliyoni. Maganizo ake ndi akuti kasitomala amaona utsi wokha, koma wogwira ntchito mkatimo amadziwa pomwe mabuku adapotozedwa.

Gogo_Ndirande
Kuno zimenezo zingabweretse mabodza. Munthu akakangana ndi bwana wake azithamangira kukanena kuti alandire ndalama.

NyasaBoston
Agogo, salipira pa kunena kokha. Amalipira mlandu ukatha ndipo chindapusa chatoleredwa. Wabodza sapeza kanthu, ndipo kunama kwa boma ndi mlandu.

MaiWaMaAkaunti
Ine nkhawa yanga si mabodza, ndi chitetezo. Blantyre ndi yaing'ono. Owerengera ndalama m'makampani azachuma timadziwana tonse, tidaphunzira limodzi. Ukaulula lero, mawa aliyense wadziwa kuti ndiwe, ndipo ntchito sudzaipezanso kwina kulikonse. Mphotho isanabwere pafunika kutsimikiza kuti dzina la woulula silituluka mu ofesi yolandira nkhaniyo.

Admin_Masheya
Abale, zokambirana zili bwino, koma tikumbutsane lamulo la gulu: osatchula dzina la broker kapena la wogwira ntchito amene mukumudandaula. Ndachotsa uthenga umodzi pa chifukwa chimenechi. Dzinalo kalembeni m'kalata yopita kwa oyenera.

Mlimi_wa_Fodya
Admin, nanga tichenjezana bwanji ngati sititchula?

Admin_Masheya
Tamva mbali imodzi yokha, bambo. Registrar amamva zonse ziwiri, ife pano sitingathe.

Mlimi_wa_Fodya
Chabwino. Ndiye wina atiuze kalembedwe ka kalatayo, enafe sitidalembepo.

Mphunzitsi_Dedza
Ikhale yaifupi, tsamba limodzi likwanira. Pamwamba dzina lanu monga lilili pa satifiketi kapena pa akaunti ya CSD, nambala yake, ndi foni yanu. Kenako zimene zidachitika motsatana ndi masiku ake: ndidalamula kugulitsa tsiku lakuti, masheya angapo, pa mtengo wakuti, ndalama sizidafike. Kenako zimene mwachita kale ndi mayankho amene mudalandira. Pomaliza nenani chimene mukufuna, ndalama zingati kapena pepala liti. Ambiri amaiwala chomalizachi, amadzaza masamba ndi mkwiyo koma wowerenga osadziwa kuti achite chiyani.

Matani makope okha, satifiketi yeniyeni isachoke m'manja mwanu popanda lisiti. Mukapereka pamanja, akudindireni kope lanu ndi tsiku. Mukalankhula pa foni, tumizani uthenga pambuyo pake wonena kuti monga tinakambirana lero, mwati zakutizakuti. Mauthenga a WhatsApp ajambuleni asanafufutidwe. Ndipo m'kalata yopita ku kampani ikani tsiku limene mukuyembekeza yankho, n'kunena kuti likadutsa mupita kwa Registrar. Musachedwe nazo, chifukwa nkhani ikafika kukhoti nthawi imawerengedwa.

Kalulu265
Nanga ku Malawi Stock Exchange komweko sitingapite?

MaiWaMaAkaunti
Mungathe, ndipo pa nkhani ya broker ndi bwino kuwapatsa kope. Ma broker ndi mamembala a msikawo ndipo amatsata malamulo ake, makampani olembetsedwa pamenepo chimodzimodzi. Palinso bungwe la eni masheya ang'onoang'ono, MISALICO, limene limayankhula pa misonkhano ikuluikulu ya makampani. Ilo silingalamule aliyense, koma funso lofunsidwa pamaso pa bodi yonse limayankhidwa mosiyana ndi la pa kauntala.

Nankhoma_Kasungu
Pepani ndalowa mochedwa. Yanga ikufanana ndi ya a Nachisale koma bambo anga adamwalira. Tapeza masatifiketi m'sutikesi, ena a m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene msika unkayamba kumene. Ndikadandaule kwa Registrar kuti dividendi sitikulandira?

Mphunzitsi_Dedza
Pepani ndi maliro, mayi. Yanuyi sidafike pa dandaulo, chifukwa palibe amene wakukanizani kanthu. Kampani singapereke ndalama za malemu kwa munthu amene wangobwera ndi satifiketi, ngakhale ali mwana wake. Pafunika kalata ya imfa ndi mapepala a kukhoti osonyeza amene akuyendetsa chuma cha masiye, kaya bambo adasiya wilo kaya ayi. Lamulo lake ndi la chuma cha masiye la 2011, ndipo ofesi ya DC kapena ya Administrator General ingakuuzeni poyambira. Mukakhala ndi mapepalawo, lemberani transfer secretary wa kampani iliyonse payokha, mufunse masheya amene ali m'dzina la malemu lero, chifukwa makampani ena adaonjezera masheya kwa eni ake m'zaka zapitazi ndipo nambala ya pa satifiketi yakale itha kukhala yochepa. Mufunsenso dividendi yonse imene sidatengedwe. Akakuzengerezani mapepala onse ali m'manja, pamenepo ndiye mulembere Registrar.

Nankhoma_Kasungu
Tilipo ana asanu, wina ali ku Joni. Tonse tikasayine?

MaiWaMaAkaunti
Amasayina ndi amene khoti lamupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho. Koma gwirizanani kaye pabanja musanapite kukhoti, ndipo wa ku Joniyo atumize chilolezo chake cholemba. Masatifiketiwo ajambuleni onse lero, mbali zonse ziwiri, aliyense mwa asanunu akhale ndi zithunzizo.